Thanthwe Lochapira la Mayi

Sekani ndithu anzanga, ine ndinasiya kukwiya, kungoti kumapeto kwa nkhaniyi si koseketsa.

Mayi atamwalira, zaka zija matipate atangokhazikika, tinagwirizana ndi achemwali anga, a Nambewe, kuti tikakolola tiwamangire chiliza. Nthawi imeneyo ndinkapalasa njinga kukaoda zitenje ku Chipata, ndiye ndinkadziona ngati munthu woyenda, wodziwa zinthu. Ndinati manda a mayi anga sangamangidwe ndi njerwa wamba ngati a wina aliyense.

Kwathu, kufupi ndi Kachebere, mayi anasiya dimba m'mbali mwa kamtsinje kotsika kuphiri. Dimbalo ndi lomwe linkadyetsa achemwali ndi ana awo, poti alamu anali atatisiya kale. Kumunsi kwake kunali thanthwe, madzi ankayenda pamwamba n'kugwera pansi, timathithi tongofika m'chiuno. Pamenepo ndi pomwe mayi ankachapira moyo wawo wonse. Tsiku lina nditaima pomwepo misozi inalengeza, nzeru n'kundibwerera: bwanji mayi agone pansi pa mwala wawo womwe?

Achemwali anati, "Achimwene, mwalawo usiyeni. Mayi sankalola ngakhale ana kuugogoda."

Ndinawayankha kuti zimenezo n'zachikale.

Ndinasonkha moto pathanthwe, litatentha n'kuthirapo madzi, kenako nyundo, ndipo linasweka bwino zedi, ngolo n'kututa. Chiliza chinamangidwa, tsiku lochionetsa anthu ankachita kuchisisita, ine ndikuyenda monyang'wa ngati tambala.

Ndiye mvula inabwera. Kodi ndikanadziwa bwanji kuti pansi pa thanthwe lija pali dothi lofewa ngati ufa? Madzi akagwa ankakumba kunsi, pamwamba n'kutsala polendewera, kenako gumu! Ukapita mawa lake, mathithi ali pena, asunthira kumtunda, ndipo atalika. Inu munaonapo mathithi akuyenda chobwerera m'mbuyo? Anga ankayenda, ndipo ankalunjika kudimba.

Ndinati musadandaule achemwali, izi n'zazing'ono. Ndinatolera matumba a feteleza m'mudzi monse, kuthiramo mchenga, kusanja paphompho. Mvula imodzi yokha, matumba onse ulendo. Patapita sabata ndinakumana ndi bambo wina wa mudzi wakumunsi atanyamula makala m'thumba langa, n'kundipatsa moni mwaulemu.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ayi. Ndinati vuto ndi loti madzi achuluka njira imodzi, tiwagawe. Ndinakumba ngalande kuzungulira dimba kuti ena adzere uko. Mayo ine! Ngalande ija pokagwera mumtsinje inapanga mathithi akeake, nawonso n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Tsopano ndinali ndi maphompho awiri, lina kumanja lina kumanzere, dimba la mayi lili pakati, onse akudya. Nzimbe zinapita. Chitsime chothirira chinapita. Nthochi zomwe mayi anabzala chaka chomwe ndinabadwa ndinaziona ndi maso angawa zikupendekeka pang'onopang'ono, mizu ili m'mwamba.

Anthu anayamba kubwera kudzaonerera. Lamulungu lina potuluka m'tchalitchi anadzaza m'mbali monse, ine ndili mu suti yanga ya ku Chipata, ndipo m'malo mokhala chete ndinaima m'mphepete kuyamba kuwafotokozera. Ndinaloza kuphiri, ndikuti, "Mukuona zigwa zija? Zinakumbidwa chomwechi, mathithi kudya phiri chobwerera, kungoti kumeneko zimatenga mibadwo. Koma apa pafika polimba, sipagumukanso." Ndinapondetsa phazi kuti aone kulimba kwake.

Ndinapita nalo dothilo, anzanga. Ndinakapezeka pansi m'matope mpaka m'khwapa, nsapato imodzi palibe, buluku litang'ambika malo osatchulika pamaso pa amayi a Chigwirizano. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Anandikoka ndi nsungwi ngati mbuzi yogwera m'dzenje.

Munthu mmodzi yekha sanaseke. Achemwali anali ataima kutsidya, pa kachigawo ka dimba komwe kanatsala, atagwira khasu, akungoyang'ana pomwe panali nthochi. Ndikanakonda akananditukwana.

Chaka cha njala chija chitafika, amene anali ndi madimba anapulumukira chimanga chachiwisi ndi maungu. Achemwali, mwana wa mayi wa dimba lotchuka mudzi wonse, ankakagwira ganyu m'madimba a eni, kulipidwa masamba ndi gaga. Ndinagulitsa njinga kuti ndiwathandize, koma njinga sibala chaka ndi chaka. Mpaka lero pamalo paja pali chigwembe chakuya kuposa denga la nyumba, ndipo ana amachitchula dzina langa.

Nthawi ina tikulambula kumanda, tinaima pa chiliza chija. N'chokongolabe, sichinang'aluke ngakhale pang'ono. Ndinati ndiyankhulepo kanthu, ndikuti, "Komabe achemwali, mayi anagona pabwino."

Anapukuta fumbi pamwalapo ndi chitenje chawo, n'kunena osandiyang'ana, "Achimwene, ine ndikadzafa, chonde musadzandikonde chonchi."

Ndinalonjeza. Masiku ano mwala uliwonse ndikaupeza pamtsinje ndimaupatsa moni n'kudutsa, ndipo ana anga ndinawauziratu kuti pa ine adzangozika kamtanda ka mtengo, mtengo wake wogwa wokha.