Ndinakalipira funso la mayeso

Nkhani iyi ndikaikumbukira magazi amawirabe, koma chowawa n'choti woti ndimukwiyire ndi ine ndemwe.

Ndili ndi garaja ku Biwi. Dzina langa ndi Banda, koma anyamata a pantchito ndi makasitomala amangoti "a B". Chaka chino zinthu sizikuyenda. Mbewe, munthu amene ndinamuphunzitsa ndekha kugwira sipanala, anatsegula garaja yake moyang'anizana ndi yanga, ndipo magalimoto akungokhotera kwa iye ine ndikuona.

Mwana wanga Tadala akufuna kukachita Masters ya bizinesi kunja, ndiye pali mayeso ena ake oti ayambe wakhoza. Ine ndinkangodziwa kuti amawerenga. Zoti amawerenga chiyani, sindinafunsepo.

Loweruka lina masana ndinabwerera kunyumba ku Kawale kudzasamba, mutu uli wotentha kale. Ndili kuseri, malaya nditavula, ndinamva mawu pakhonde: Tadala, mtsikana wina, ndi mnyamata wa mawu okhuthala.

"Mwini garajayu akuti makasitomala athawa chifukwa garaja yatsopano ndi yotchipa," anatero mnyamatayo. "Ndiye akufuna kutsitsa mitengo. Argument yake ndi yofooka kwambiri."

Ndinaima, sopo ali m'manja.

"Mdalayu akungopanga assume," anatero mtsikana uja. "Tipeze chomugwetsera."

Kenako ndinamva mawu a mwana wanga weniweni, amene ndinamuphunzitsa sukulu ndi manja a girisi awa. "Tiyambe tachotsa B. B alibe ntchito apa."

"Eya," anavomera mnyamata. "Eliminate B."

Sindikudziwa mmene ndinazungulirira nyumba. Ndinangopezeka pakhonde, thaulo lili pakhosi, mimba ili pamtunda.

"Muchotsa ndani?"

"Adadi, tikungo..."

"Khala chete iwe. Ndipo iwe wamagalasiwe, wakutuma ndi Mbewe eti? Ukamuuze kuti B sachotsedwa ndi tiana ta laputopu."

Mnyamata uja, amene anavala magalasi, anaimirira mwaulemu. "Bambo, sitikunena za..."

"Ndamva ndi makutu angawa! Mukuti anthu akuthawa mitengo? Mukudziwapo chiyani inu? Mbewe ndi wodula kuposa ine. Anthu akuthawa chifukwa galimoto ikalowa kwa ine imachedwa kutuluka, basi. Nanga ma spare kulibe, mukufuna nditani? Ndimachotsa mu iyi kuika mu iyo. Panopa pali Vitz yofiira ya mayi wina wa ku Area 23, ndinamuuza kuti alternator yake, ija yotchaja batire, ndi yakufa, yatsopano ikuchokera ku Dar, chonsecho yakeyo ikuyenda bwinobwino mu taxi ku Chinsapo. Business strategy ndi imeneyo, osati zanu zam'mabukuzo."



Tadala anatembenuza laputopu pang'onopang'ono kuti ndione. Panali ndime ya Chingerezi yonena za garaja ya m'tauni yongopeka, pansi pake mayankho asanu, A mpaka E. B amene ankachotsedwa uja anali chiganizo chonena za mitengo ya mafuta.

"Pa mayeso amatipatsa maganizo a munthu wa bizinesi," anatero Tadala, maso ali pansi. "Ife tipeze pomwe akudzinamiza."

Mnyamata wamagalasi anayang'ana pa sikirini, n'kutsokomola. "Komatu mwatithandiza, Bambo. Yankho ndi D. Makasitomala akudandaula za kuchedwa, osati mtengo."

Ndinkati ndiseke kuti nkhani ithere pomwepo. Koma mtsikana uja, amene nthawi yonseyi ankangondiyang'ana osaphethira, anatulutsa foni.

"Pepani Bambo. Vitz yofiirayo ili ndi galasi lakumbuyo long'aluka?"

Ndinakonza thaulo. "Magalimoto ndi ambiri, mwanawe."

Anaimba ndili pomwepo.

"Halo, Amayi? Musavutikenso ndi za ku Dar. Alternator yanu ili ku Chinsapo."

Lolemba m'mawa mayi aja anafika ndi azichimwene awo, ndipo zimene anandinena Biwi yense anamva. Vitz anaikankha ndi manja kuwolotsa msewu mpaka kwa Mbewe, ine nditaima ndi sipanala ngati mlonda. Tadala sanandilankhule sabata yonse, ndipo gulu lawo tsopano limawerengera kwa wamagalasi uja.

Anzanga, ukamva akuchotsa B, yamba wafunsa ngati palinso C.