Tsiku Limene Ndinatsuka Koko wa Apongozi

Mpaka lero kwathu ku Kaporo akamatsegula dengu la koko, wina amayamba wafunsa ngati ine ndili pafupi. Ndimaseka nawo, koma mumtima zimandiwawabe.

Ine ndine wa ku Kasungu, ndinakwatiwa kwa Ankhonde. Mwamuna wanga anandichenjeza chinthu chimodzi: mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo, sayang'anizana kapena kulankhulana ndi apongozi aamuna. Ukawamva akubwera, funda chitenje, patuka. Ndinalumbira kuti pamudzipo asadzanene kuti mwana wawo anatola mkazi wosalangidwa.

Apongozi aakazi amapanga chokoleti chapanyumba. Koko wake amachokera kwa achimwene awo ku Kyela, kutsidya kwa Songwe. Amakazinga, kupeta, kusinja mpaka mafuta atuluke, n'kumagulitsa pa maukwati. Sabata imeneyo anali atalonjeza chokoleti cha ukwati wa mwana wa abusa.

M'mawa wina iwo atapita ku msika, ndinamva fungo lowawasa kuseri kwa khitchini. Nditavundukula masamba a nthochi pa dengu, ndinapeza njere zonanda, zotentha, tintchentche tili ng'waa. Ndinawamvera chisoni mayiwo. Ukalamba, ndinatero, aiwala katundu wawo mpaka wawola. (Inde, ndinadziona ngati mpulumutsi.)

Ndinakhuthulira zonse m'beseni n'kuyamba kutikita ngati nyemba. Ndili pakalikiliki, kuseri kwa nthochi kunamveka chifuwa: "Khm! Khm!" Apongozi aamuna! Ndinafunda chitenje, beseni pamutu, ulendo wa ku mjigo. Nditangopopa madzi, chifuwa chija chafikanso, tsopano champhamvu. Ndinathawira kuseri kwa khola. Anatsokomola mpaka ndinaganiza zouza mwamuna wanga kuti bambo akufunika kuchipatala. Ulendo womaliza ndinadzitsekera m'bafa, ndipo m'menemo ndinamaliza ntchito yanga mwamtendere. Njere zinatuluka mbee, ndinaziyanika pa mphasa.

Mayi atafika anaima pa mphasapo, thumba lidakali m'manja.

"Mwana wanga, nani wachita ichi?"

"Ndine, mayi. Zinayamba kuwola."

"Kuwola? Ine navundika dala! Zoterera zija ndiyo zikupanga fungo ya chokoleti. Popanda izo ukudya khungwa ya mtengo!"

Ndinagwada, ndikuona kale basi ya ku Kasungu. Koma mayi anatembenukira ku nthochi kuja, kumene bambo anali atakhala chotifulatira.

"Na imwe dada, munali kuti?"

"Natsokomola mpaka pakhosi pauma," anayankha, osacheuka. "Nikafika uku, wathawira uko. Nanga nikanamugwira mkono? Koko wapita, basi. Kweni mwana uyu ulemu ali nawo. Wa Mwakasungula uja mkamwana wake amamupatsa moni wa m'manja."

Mayi anapumira m'mwamba, kenako kuseka mpaka kukhala pansi. Njere zija tinayesa kukazinga ndithu. Chinatuluka chinthu chowawa, chomanga lilime, choti ngakhale mwamuna wanga, amene nthawi imeneyo ankayamikira chilichonse chochokera m'manja mwanga, anakalavulira kuseri. Kwa abusa ndinapita ndekha kukapepesa, ndipo pa ukwatiwo anthu anadya mabisiketi a m'golosale.

Ku Kasungu sindinabwerere. Bambo amandichemerera kwa anzawo onse kuti ndine mkamwana wa mwambo. Kungoti kuyambira tsiku limenelo dengu la koko amalivundikira kuchipinda kwawo, komwe amadziwa bwino kuti sindingalowe.