Nyimbo ya Esinati Yatsala Mizere Iwiri

Lolemba, 6 Ogasiti 1956

Nyimbo yatha! Ndime zinayi ndi kolasi. Ndaiwerenga katatu, katatu konse ndadzigomera ndekha.

Loweruka mlongo wanga Esinati akukwatiwa. Akumutenga chitengwa ku Chitedze kumene mlamu amagwira ntchito. Ndinamufunsa mphatso imene akufuna. Akuti, "Mbale zodyera andipatsa ena. Inu achimwene mundiyimbire nyimbo yangayanga, yokhala ndi dzina langa." Ndinavomera. Chimwalirire amayi, iyeyu ndiye wakhala akutisamala ine ndi atate, ndipo sanapemphepo kanthu. Ndingamukanize bwanji?

Ndime zake:
yoyamba, kuthokoza Ambuye Yesu;
yachiwiri, amayi athu akutiona ali kumwamba;
yachitatu, malangizo kwa mlamu;
yachinayi, kutsanzikana.

Oyimba, anzanga okhaokha a pano pa Mpingu:
Yusufu telala, Msilamu, banjo ndi mawu okwera;
Petulo, Mroma wa ku Nambuma, mkamwini kutsidyaku, mawu a besi;
Laisoni, wa Sabata, gitala imene anabwera nayo ku Halale;
Gomani, woyimba ng'oma kugule wamkulu.
Wotsogolera ndine, mphunzitsi, mwana wa mkulu wa mpingo.

Mutu umodzi susenza denga. Atate sindinawauze.

Lachiwiri, 7 Ogasiti

Takumana pansi pa mango kuseri kwa sitolo. Banjo ndi gitala zagwirizana nthawi yomweyo ngati ana a mimba imodzi. Gomani walowa ndi ng'oma, ine tsitsi nyau! Mpaka amayi ochokera kuchitsime atula mitsuko.

Kenaka ndawerenga mawu. Apa ndiye pagona nkhani.

Yusufu, mwaulemu wake wonse: "Aphunzitsi, Yesu timamulemekeza kwambiri, ndi mneneri. Koma mzere uwo wa Mwana wa Mulungu sungatuluke pakamwa panga. Ndiziyimba banjo, pakamwa nditseke."

Atseke pakamwa! Nanga mawu okwera ayimba ndani, ine?

Petulo: "Ngati mukukonza ndimeyo, ikanimonso Amayi Maria."

Atate atamva zimenezo pabwalo pawo angakomoke.

Gomani alibe mlandu ndi wina aliyense. Akungofunsa polowera ng'oma.

Ndime yoyamba ndaichotsa. Ambuye amadziwa mtima wanga, ndipo m'tchalitchi tiwayimbira zambiri m'mawa wa tsikulo. Zatsala zitatu. Zitatu ndi zambirinso!

Lachitatu, 8 Ogasiti

Lero akangana za amayi anga. Amayi anga ine!

Laisoni akuti akufa ali mtulo, saona kanthu mpaka lipenga lidzalire. Petulo akuti kumwamba salowa chilowelowe, ena amayamba ayeretsedwa. Gomani waseka onse awiri: "Kumwamba kukatani? Amayi anu ali pompano, amayendera ana awo. Mzimu suthawa mudzi." Yusufu wangoti wodziwa ndi Mwini, nkuyamba kumanga nsambo za banjo.

Ora lathunthu. Palibe wakwiya, onse akukomedwa nako kutsutsana, kupatula ine ndekha. Ndime imeneyi ndiyo ndimaikonda koposa. Ndinailemba ndikulira. Ndaichotsa.

Pobalalika Laisoni akufunsa, "Kodi ukwatiwo ndi liti?"

"Loweruka."

Wangondiyang'ana. Loweruka! Sabata yake! Ine mphunzitsi wathunthu, wophunzitsa ana masiku a pamlungu m'mawa uliwonse, kuyitana munthu wa Sabata kudzayimba gitala Loweruka! Akuti sangakhudze nsambo mpaka dzuwa litalowa. Ngolo yotenga mkwatibwi inyamuka dzuwa lisanalowe.

Ndamupempha kuti afunse abusa awo. Akuti abusa awo sayendetsa dzuwa.

Lachinayi, 9 Ogasiti

Atate amva. Khoma lili ndi makutu, ndipo makutuwo ndi amayi a mitsuko aja.

Andiyitana pakhonde. Chigamulo:
banjo ndi ya kumowa;
gitala ndi banjo yomweyo yovala jekete;
ng'oma ya kudambwe pabwalo pawo siponda, iwo ali moyo.

Ndawauza kuti Esinati wapempha yekha. Avala magalasi. Kenaka, "Ndione mawuwo."

Awerenga ndime yachitatu, ya malangizo kwa mlamu. Avula magalasi. "Iwe wosakwatira, ulangize banja? Ankhoswe ntchito yawo ikhala chiyani?" Aidula okha ndi pensulo yanga yomwe. Atsegulanso tsamba lam'mbuyo, pamene pali ndime ya amayi, yokhwatchidwa kale. Ayang'ana, ayang'ananso, atseka kope.

Mapeto ake: m'tchalitchi zingwezingwe ayi. Pabwalo, mapemphero onse atatha, "sindiona, sindimva." Koma ng'oma ayi ndithu.

Ndapita kwa Gomani ndi manyazi. Iye waseka mpaka misozi. "Ng'oma ili m'manja, aphunzitsi, si m'chikumba." Watenga chitini cha palafini, wachigogoda. Chikulira bwino chitinicho! Chitini chilibe mpingo.

Ndime yatsala imodzi ndi kolasi. Sindidandaula. Ndikudandaula pang'ono.

Lachisanu, 10 Ogasiti

Tsiku lomaliza lophunzira. Taonani mmene layendera.

M'mawa: ine kusukulu.
Masana: Yusufu kumzikiti.
Atatuluka: Yusufu yemweyo pamakina, kumaliza diresi ya mkwatibwi.
Gomani: kumaliro kumudzi kwa amalume ake, wabwera madzulo fumbi lokhalokha.
Petulo: wafika msanga, koma wakana nkhuku imene Esinati watiphikira. Lachisanu Aroma sadya nyama. Wadya ndi nkhwani, maso ali pa nkhuku. Besi ya munthu wa chisoni.

Chodabwitsa china. Atate apita okha kusitolo, chipewa m'manja, kukapempha Yusufu kuti mawa adzazinge mbuzi, kuti alendo achisilamu nawonso adye. Banjo yake akana, mpeni wake afuna! Ndawafunsa. Akuti, "Mlendo sabwerera ndi njala pakhomo panga." Basi.

Tonse asanu takwana dzuwa lili pamwamba pa mitengo. Tayamba ndi kolasi:

Esinati pita bwino,
Mulungu akuperekeze.

Apa palibe wotsutsa. Mulungu onse amudziwa, Gomani akuti ndi Chauta yemweyo. Tabwereza kanayi, zakoma. Ndikuti tsopano ndime yachinayi, ndangomva gitala zii. Laisoni akuilowetsa m'thumba. Dzuwa lalowa, Sabata yayamba. Pakati pa nyimbo!

Ndime yachinayi palibe waiphunzira. Nyimbo ya ndime zinayi yatsala mizere iwiri, ndipo mizere iwiriyo mwina siyimbidwa n'komwe. Esinati wandifunsa ngati zikuyenda. Ndati zikuyenda. Mwana wa mkulu wa mpingo kunama Lachisanu.

Loweruka, 11 Ogasiti

Ukwati wadalitsidwa. Mbuzi yazingidwa, yadyedwa ndi onse. Diresi yakhala bwino, Yusufu akuyenda ngati mkwati ndi iye.

Laisoni wabwera, wakhala patali pansi pa mtengo, Baibulo pamiyendo, gitala m'thumba. Tamupempha kuti tiyambe popanda iye. Wavomera. Wakana ndi Yusufu: "Tinayamba asanu." Gomani naye wakhalira chitini chake. Msilamu ndi wa gule kusunga Sabata ya mnzawo, ine thukuta kamukamu!

Dzuwa silikuyenda. Mwini ngolo wamanga ng'ombe. Katundu wakwera: mphasa, mtondo, mitsuko. Esinati akundiyang'ana. Ine ndikuyang'ana pansi.

Yusufu wathamanga ndi singano, akuti mpendero wa diresi wasosoka. Sunasosoke. Wasoka pang'onopang'ono, komabe dzuwa latsala chikhatho chathunthu.

Mwini ngolo: "Tiyeni, kukuda."

Pamenepo atate ayimirira. "Tipemphere."

Ayambira kwa Adamu. Nowa ndi nyama zake, ziwiriziwiri. Abrahamu, Isake, Rabeka pachitsime. Apempherera mkwati, mkwatibwi, ankhoswe, ng'ombe zokoka ngolo, msewu wa ku Mchinji, Aroma, Asilamu, a Sabata, "ndi ena onse amene Inu mukuwadziwa." Ndatsegula diso limodzi. Nawonso atsegula limodzi, lili kumadzulo!

Dzuwa psiti. "Amen."

Gitala yatuluka m'thumba ngati inali ndi miyendo. Banjo! Chitini! Besi ya Petulo, lero atadya nyama! Ndakweza dzanja, ndatsegula pakamwa, ndaona nkhope ya Esinati, mawu osatuluka. Wotsogolera kulira ngati mwana. Wayambitsa ndi Yusufu. Azimayi alandira, achinyamata alandira, bwalo lonse. Mizere iwiri yomweyo, kubwereza, kubwereza, kuperekeza ngolo mpaka kumsewu. Esinati akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

Atate sanaone, sanamve. Koma phazi lawo lakumanja ndaliona ine.

Lamulungu, 12 Ogasiti

M'nyumba muli zii. Phala ndaphika ine, lapserera. Atate adya osadandaula.

Panjira ya kutchalitchi amayi atatu akuyimba kolasi yanga, aikamo dzina la mwana wina amene akwatiwe mwezi wamawa. Ndawafunsa kuti nyimboyi anapeka ndani. Akuti, "Iii aphunzitsi, imeneyi ndi yakalekale." Yakalekale! Ya Lolemba lomweli!

Akulu a mpingo akufuna kundiona Lachitatu pa nkhani ya chitini. Atate akuti pemphero lalitali si mlandu, koma chitini ndidziyankhire ndekha.

Anzanga akuti tipange gulu lenileni. Lachisanu ndi la Yusufu, Loweruka la Laisoni, Lamulungu langa ndi Petulo, Gomani tsiku lililonse kukagwa maliro. Ndati tidzaona.

Chabwino. Ndinalemba ndime zinayi, dziko lalandira mizere iwiri, dzina langa palibe. Mwini wake anaimva, ndi zomwezo.

Madzulo ndatenga kope, ndakhala kuseri kwa nkhokwe, ndayimba ndime ya amayi ndekha, motsitsa. Popanda banjo, popanda wotsutsa. Nditamaliza ndamva kukhosomola pakhonde. Ndimayesa ali m'nyumba.

"Bwereza," atero atate.