Tsiku limene ndinagwetsa ababa m'damu

Ababa anga anakana ubatizo moyo wawo wonse. Abusa akawayendera pa komboni yathu ya pafamu ku Karoi, iwo ankangoti, "Madzi anga ndinawoloka kale, pomwe ndinkathawa nkhondo ku Tete." Koma matenda atawapha miyendo, manja osathanso ngakhale kusankha fodya, anandiitana m'mawa wina nkundiuza motsitsa mawu kuti, "Zakeyu, kawauze abusa aja abwere. Nthawi yanga yatha."

Ine apo nkuti nditangoyamba kuphunzitsa kalasi ya ubatizo kutchalitchi, mutu utadzaza mavesi, ndiye ndinati ubatizo wa ababa usakhale wamba, anthu amve kuti m'nyumba muno muli mphunzitsi. Kudamu ndi kutali ndithu, ngolo inali itapita kumunda, basi ndinabwereka wilibala, kuno timati bhara, nkuyalamo bulangete, ababa nkukhalamo atavala malaya awo oyera, atapepuka ngati mwana. Mtima unandipweteka, koma ndinabisa ndi ulaliki.

Njira yonse ndikukankha ndikulalikira, mpingo uli pambuyo. Ndinati Aisraeli anawoloka Nyanja Yofiira kuchoka mu ukapolo, ndipo umenewo ndiwo ubatizo: munthu amalowa m'madzi ali kapolo, amatuluka ali mfulu, machimo ake nkumira ngati Farao ndi magaleta ake. Azimayi a mpingo akuvomereza, ine mawu nkumakwerabe. Titafika, abusa anali kale m'madzi, ndipo anati, "Imani pomwepo, timunyamule." Kodi ndinamva? Ndinali pakati pa vesi. Inali nthawi yotentha, damu litaphwa, m'mphepete monse muli matope okhaokha, koma ine ndinakankhabe ndikufotokoza mmene mateyala a magaleta a Farao anatitimirira.

Pomwepo teyala la bhara linatitimira. Ndinakoka, osatheka. Ndinakankha mwamphamvu, jombo yanga nkutsala m'matope, thalauza nkung'ambika kumbuyo pamaso pa azimayi onse a kwaya, kenako bhara nkupendekeka pang'onopang'ono, ababa phava m'madzi, abusa asanatchule ngakhale dzina la Atate.

Mlongo wanga Rute anakuwa. Ine ndinagwada m'matopemo ndikuwadzutsa, ndikuti basi ndapha ababa anga ndi manja angawa, asanabatizidwe nkomwe. Anatsokomola nthawi yaitali, malaya oyera aja atada bii. Kenako anayang'ana abusa nkunena kuti, "Mufundisi, fulumirani. Farao wandipeza."

Anaseka ababa mpaka kutuluka misozi. Chimwalirire amayi sitinawamvepo akuseka choncho. Abusa anawabatiza pomwepo, m'madzi ofika m'mawondo, nawonso akulephera kumaliza mawu, ine nditawagwirira msana.

Ababa anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Kuchipatala anati ndi matenda awo akale aja, osati madzi a m'damu, koma funso limenelo ndinalifunsa kangapo ndipo mpaka lero limandibwererabe. Masiku awo omaliza, ndikamawamwetsa phala, ankandigwira dzanja nkumati, "Pang'onopang'ono, a Farao."

Pamaliro abusa anandipempha kuti ndinenepo mawu. Ndinaimirira, koma ndinangolira, mpaka Rute anandikhazika pansi. Kalasi ya ubatizo ndimaphunzitsabe, ana a pakomboni amanditchula dzina lomwelo la Farao ndipo ndimayankha. Koma kulalikira uku ndikukankha munthu, ayi ndithu, sindidzayesanso.