Tambala Anakomoka, Petulo Anatsala

Mpaka lero amalume anga salola kuti ndiwanyamule, ngakhale pa njinga yakapalasa. Sindiwadandaula.

Munali mu Okutobala, zaka zija matipati ambiri atangoyamba kumene. Mng'ono wanga anali ndi chinkhoswe ku Malosa, ndipo ine, poti ndinali ndi laisensi, ndinauzidwa kuti ndinyamule amalume, omwe anali ankhoswe, pamodzi ndi tambala. Mukudziwa inu kuti akuchimuna amapereka tambala wamoyo kuimira mnyamata wawo. Kufika opanda iyeyo, kapena ali wakufa, ndi manyazi a mtundu wonse.

Pikiapu tinabwereka kwa Che Saidi, ogulitsa nsomba zouma kwathu kwa Malemia. Pondipatsa makiyi anati, "Petulo alimo wochepa, achimwene, koma mukayenda bwino mukafika." Galimotoyo inali itaimikidwa pa kamtsetse, moti inangolira nditaigubuduza. Sindinafunse chifukwa chake.

Mawu akuti "wochepa" anandisowetsa mtendere. Mwamwayi (ndinkatero nthawiyo) ndinali nditawerenga kabuku ka zamagalimoto, kopanda chikuto, kamene ndinagula m'mbali mwa msewu ku Zomba. Kankati katundu wolemera amatha mafuta. Choncho azakhali ndi amayi anzawo a nthungululu atayamba kukwera kumbuyo, ndinawapempha mwaulemu kuti akakwere minibasi.

"Iwe, ife tasanduka matumba a simenti?" anatero azakhali, akutsika.

Kabukuko kankatinso mawindo otsegula amakoka mphepo, injini nkumavutika. Ndinatseka onse. Amalume ali mu jekete, tambala ali pamiyendo, dzuwa likuswa mtengo.

"Mphwanga, tsegulako pang'ono, tikupsa muno."

"Pirirani amalume, mphepo imatha petulo."

"Mphepoyo ili ndi pakamwa?"

Maso anga anali pa kasingano ka mafuta, kamene kankanjenjemera ngati ine ndemwe.

Titafika pa mtsetse wopita ku mlatho wa Domasi, ndinazimitsa injini. (Izi sizinali m'kabuku, ndinaonera madalaivala a minibasi.) Tinatsetsereka mwakachetechete, ine ndikudzitama mumtima. Titaoloka, pamene pamayambira chitunda, ndinapotokola kiyi. Kho. Ndinapotokolanso. Zii. Apo mpamene ndinamvetsa za kamtsetse ka Che Saidi: batire inali yakufa kalekale. Ndipo anthu oti akankhe ndinali nditawatsitsa ndekha.

"Mphwanga," anatero amalume motsitsa mawu, "taona mkwati wathu."

Tambala anali atatseka maso, kukamwa yasa, khosi lili lende. M'maganizo ndinaona kale akuchikazi akupinda mphasa, mng'ono wanga akundiyang'ana moyo wake wonse.

Ndinamulanda nkutsetserekera kumtsinje, nsapato za kutchalitchi zikutitimira m'matope. Ndinamumiza miyendo, kumuwaza kumutu, kumuuzira m'mphuno. Amalume ali pa mlatho akukuwa, "Usamumize, iwe! Tikuti atsitsimuke, osati abatizidwe!" Kenako tambala uja anaphethira diso limodzi.

Tikukwera kubwerera kumsewu, minibasi inaima. Pawindo panatulukira mutu wa azakhali.

"Kondakitala, atengeni awa, koma muyambe mwawayeza kulemera!"

Tinapanikizana momwemo mpaka ku Malosa, galimoto titaisiya pamlatho.

Nthawi yosinthana nkhuku itakwana, amalume anapereka tambala wonyowa, wosatha kudzutsa mutu. Ankhoswe akuchikazi anamutembenuza uku ndi uku.

"Pepani akuchimuna," anatero, "kodi mnyamata wanuyonso ngotere?"

Mng'ono wanga anazolika. Ine ndinkafuna pansi patatseguka. Ndiye tambala uja anadzikung'untha, nkuwajompha chala ankhoswe akuchikazi aja mpaka anakuwa, "Mayo!"

"Eya, ameneyo ndiye wathu," anatero amalume, nthungululu nkuphulika.

Madzulo anyamata anatithandiza kukankha, ndipo ndinabweza pikiapu. Che Saidi anasuzumira kasingano kaja nkundiyamikira kuti ndimayendetsa mosamala kuposa aliyense amene anawabwerekapo. Sindinawatsutse. Kunena zoona, galimoto yoima pamlatho tsiku lonse simatha mafuta ngakhale dontho.