Mlandu wa Pumbwa, Chilango kwa Mkuyu

Kwa Wolemekezeka Bwana Wamkulu,
Bungwe la Tibzale Tonse,
Kumzinda.

Bwana,

Ndagwada pansi ndipo ndikuwomba m'manja. Ine ndine Laimoni, mwana wa Folomu 3 pa sukulu ina yoyendera kuno ku Ligowe, m'boma la Neno. Simungandikumbukire. Mukabwera ku mwambo wanu wobzala mitengo, ana ena amaimba kwaya, ena amavina. Ine mawu ndilibe, mwendo ndi wolemera, choncho ndimangokhala patsinde pa mkuyu wa m'mbali mwa bwalo n'kumaonerera. Masiku ena onse ndimakhalanso pomwepo. Ndi pamene ndimawerengera, ndi pamene ndimadyera mbatata yanga pa nthawi yopuma, ndipo mkuyuwo sunandifunsepo chifukwa chimene ndimakhalira ndekha.

Sabata yatha ndinaupeza utalembedwa mtanda wa penti yofiira. A Stefano, alonda a pasukulu pano, anandiuza kuti uthenga wachokera ku ofesi kwanu woti mtengowo udulidwe musanafike mwezi wa mawa, kuti tenti ndi galimoto zanu zipeze malo. Ndili ndi kapempho, koma ndiyambe ndathokoza, poti kwathu amati wosayamika ndi mfiti.

Choyamba, zikomo chifukwa chosankha bwino nyengo. Makolo athu, posaphunzira, amabzala mitengo mvula ikamagwa. Inu mumadikira kuti matope ayambe auma pamsewu wathu, chifukwa mu Januwale galimoto ikhoza kutitimira pachitunda n'kugona pomwepo. Kenaka mumadikira kuti chisanu cha Juni chithe, poti kuno kumapiri chimaluma. Motero mumafika mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, nthaka ili gwa. Mbande imaphunzira kupirira idakali yaing'ono. Zoti palibe imene inakhozapo mayeso amenewa, vuto ndi la mbandezo.

Chachiwiri, zikomo posatitopetsa. Chiyambire ndili Folomu 1, dzenje ndi lomwelo. A Stefano amangozula kamtengo kouma ka chaka chatha n'kufukula pofewa kale. Inu mumawerama pang'ono, wojambula amajambula, basi mwabzala. Ngakhale kathumba kakuda ka pulasitiki simukachotsa, ndikuganiza kuti mumaopa kuti mizu ingade. Tsiku lina ndinamva pa wailesi kuti bungwe lanu labzala nkhalango ku Neno. Ndinathamanga kukaiona. Ndinapeza mbuzi ya mayi Stelia, amene amagulitsa zitumbuwa pageti, ikumeza nkhalango yonseyo kamodzin'kamodzi. Sinakhute n'komwe.

Chachitatu, zikomo chifukwa cha mawu anu odzudzula makala. Munati makala ndi mdani wa dziko. Tonse tinawomba m'manja, ngakhale ana a owotcha makalawo, poti aphunzitsi ankatiyang'ana. Pobwerera, galimoto yanu yachiwiri inaima pamphambano n'kupakira matumba a makala mpaka matayala kuphwa. Anyamata ena opanda mwambo ankati mwagula. Ine sindikuvomereza. Ndikukhulupirira kuti munamugwira mdaniyo n'kupita naye kumzinda kukamutentha kukhitchini kwanu, pang'onopang'ono, kuti aone polekera.

Chachinayi, zikomo pondithandiza maphunziro. Ku kalabu yathu ya mtsutso kunabuka funso loti kodi munthu ndi mwini chilengedwe kapena mlendo chabe. Blessings anati ndi mwini, poti nkhwangwa ili m'manja mwake. Kingsley anati ndi mlendo, poti mtengo amaupeza ndipo amausiya. Anakangana mpaka belu kulira. Ine yankho ndinali nalo, ndipo ndinalitenga kwa inu. Munthu ndi mlendo ndithu, koma mlendo wolemekezeka. Amafika mochedwa, amakhala pampando wa khushoni, amalangiza eni khomo za ukhondo, kenaka amapita n'kuwasiya akutola mabotolo ake a madzi.

Tsopano za mkuyu. Za tenti ndi galimotozo ndazimva, koma bwalo lathu ndi lalikulu, ng'ombe zimasochera momwemo. Mlandu weniweni ndikuudziwa, poti ndinali pompo. Chaka chatha m'tenti mutatentha, munalamula kuti tebulo lisunthidwe kubwera mumthunzi wa mkuyu. Muli pakati ponena kuti mitengo ndi moyo, pumbwa wina amene anakhuta nkhuyu anapereka ndemanga yake paphewa la jekete lanu. Kwaya inaiwala nyimbo. Ahedi anayang'ana nsapato zawo. Inu munayang'ana m'mwamba nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti mwausunga nkhope mtengowo.

Pumbwayo analakwa, bwana, sindikumuikira kumbuyo. Sadziwa maudindo a anthu, ngakhale ine anandichitapo zomwezo pa buku la Bayoloje. Koma iye ali ndi mapiko. Nkhwangwa ikangolira adzasamukira ku Matandani, kumene adzapitirize khalidwe lake loipalo. Mkuyu sungathawe, ndipo sunachite kanthu koposa kukupatsani mthunzi pamene munaufuna. Unamera wokha agogo a a Stefano asanabadwe, popanda kwaya, popanda wojambula, mwina n'chifukwa chake sukupezeka m'malipoti anu. Mungandiuze kuti ndipeze mtengo wina wokhalapo. Ndafufuza. Mitengo ina yonse ya pasukulu pano ndi imene munabzala inuyo.

Choncho pempho langa ndi ili, ndipo ndikulipereka ndi manja awiri. Ngati n'kotheka, usiyeni mkuyuwo. Penti ndidzaipala ndekha ndi phale, ndipo tsiku la mwambo ndidzaima kumbuyo kwanu ndi ambulera ya amayi anga kuteteza jekete. Koma ngati uyenera kugwa ndithu, chonde tenti musabwere nayo. Tebulo lanu tidzaliika pafupi ndi dzenje lija, mumthunzi wa mitengo yonse imene mwatibzalira zaka zonsezi. Mudzayankhule masana, mosafulumira, monga mumachitira, mpaka pa tsamba lomaliza. Palibe mbalame imene idzakusokonezeni. Idzasowa potera.

Ine wanu wogonjera,
wolemba ali mumthunzi umene udakalipo,

Laimoni,
Folomu 3.