Suti ya Sekuru Chikopa ndi Denga Lodontha

Lolemba

Zatheka! Mayi wina wa ku Mutare, mwini chipinda choonetseramo zithunzi, wavomera. Akufuna zithunzi khumi ndi ziwiri pofika Loweruka, zakuda ndi zoyera, za okalamba athu amene anathera moyo wawo m'minda ya tiyi. Zikagulidwa, tigula malata a nyumba ya okalamba ya mpingo wathu ku Mandeya. Denga lake ndi sefa yeniyeni, ndipo mvula ili pafupi.

Mawu ake pa foni: "Ndikufuna manja, makwinya, zigamba. Aliyense woziona, mtima umupweteke."

Ine pa tauni ya Hauna pano ndajambula maukwati ndi zithunzi za chitupa zosawerengeka. Zigamba sizingandikanike.

Zofunika:
kutchaja kamera
dengu lakale la tiyi, lobooka bwino
nkhungu ya m'mawa
Sekuru Chikopa, agogo aamuna a m'nyumbamo, ndi jekete lawo long'ambika lija

Ndapita kukawauza onse kuti mawa ndikubwera kudzajambula. Akondwa kwambiri.

Lachiwiri

Sikisi koloko ndafika. Nkhungu ilipo, yokongola zedi. Okalamba sakuoneka. Akusamba. Anthu asanu ndi awiri, beseni limodzi.

Akutuluka naini koloko, nkhungu itapita kalekale. Sekuru Chikopa, amene anachoka ku Mulanje kubwera m'dziko lino ali mnyamata, avala suti yabulauni, tayi ndi chipewa cha nthenga. Gogo Esitere, mnzawo wa m'nyumbamo, adzola mafuta mpaka nkhope ikubwezera dzuwa m'kamera. Makwinya onse atsekeka!

Ndapempha jekete lija. Sekuru andiyang'ana ngati ndawatukwana pamaso pa apongozi.

Palibe vuto. Kulakwa kwanga n'kumodzi, ndinawauziratu. Mawa ndibwera mwakachetechete.

Lachitatu

Ndadzera kuseri, m'munda wa nthochi. Gogo Esitere ali pakhonde, manja pamaondo, ming'alu yonse ya kuthyola tiyi ikuoneka. Chithunzi cha chaka chino ndi chimenechi. Ndikungokweza kamera, galu wauwa.

"Mira, mwanangu, mira pang'ono," atero Gogo m'chilankhulo cha kuno, kundiuza kuti ndidikire.

Alowa m'nyumba. Atuluka ndi duku latsopano komanso magolovesi oyera. Magolovesi!

Ndawaphunzitsa za luso theka la ola: kuwala, mthunzi, chimene azungu ogula zithunzi amafuna. Amvetsera bwino, akugwedezera mutu paliponse. Kenako afunsa ngati ndingawaimike pambali pa galimoto ya abusa.

Ndawaimika. Munthu umayamba wawakoka mtima.

Lachinayi

Mbiri yafika kumudzi wa Samanga kuti kuno akujambula ulere. Kombi, minibasi ya kuno, yabwera yodzaza ndi ofuna kujambulidwa.

Zimene ndajambula lero:
wailesi yosalira, mwini wake ataikumbatira
mbuzi yosambitsidwa ndi sopo
nsapato zofiira, zomwezo, pamapazi a amayi anayi mosinthana
bambo wina akuyankha foni yopanda batire

Dengu langa lobooka ndinaliiwala pakhonde dzulo. Gogo Esitere alisoka. Akuti limachititsa manyazi.

Komabe ndasankha zithunzi zitatu, ndazichotsa mtundu, ndatumiza ku Mutare. Dzanja la katswiri limaoneka ngakhale pa suti.

Lachisanu

Yankho labwera: "Ukwati wa ndani umenewu?" Akuti anthu owala chonchi palibe angawagulire ngakhale msomali.

Ndapita kwa Sekuru ndekha, ndakhala pansi, ndawauza mosapita m'mbali: popanda jekete lija palibe malata. Iwo atsegula sutikesi, atulutsa chithunzi chakale. Ndi iwowo ali mnyamata, suti yobwereka, dzanja pa njinga ya kapitawo. Akuti onse obwera kudzathyola tiyi ankatero. Munthu ankajambulitsa kuti atumize kwawo, ndipo kwawo sankatumizako masautso.

"Mlongo wanga ku Mulanje amadziwa kuti kuno ndili bwino. Zaka zonsezi sindinamuuzepo zina. Iwe mufana, ukapachika zigamba zanga pakhoma, mafoni anuwa safika kumeneko?"

Amafika. Sabata yonse ndimati okalamba sakumvetsa luso, pamene wosamvetsa ndine. Ndachita manyazi kwambiri.

Loweruka

Ndalawira kukatenga dengu langa basi. Ndapeza Sekuru ataima pakhomo, jekete long'ambika, mapazi opanda nsapato, chipewa cha nthenga palibe.

"Jambula msanga asanadzuke anzanga. Pamene amagona Esitere ndi pamene pamadontha kwambiri."

Nkhungu ilipo. Kuwala ndi kumene ndakhala ndikukufuna. Sakuyang'ana kamera, akuyang'ana pansi. Ndajambula chimodzi.

Sindinajambulepo chithunzi chabwino chotere, ndipo ndikudziwa kuti chigulidwa tsiku lomwelo.

Pa Hauna ndakhala pa benchi, kamera pamiyendo. Kombi yoyamba ya ku Mutare yapita. Yachiwiri kondakitala wandikoka mkono, ndakana. Yachitatu nayo yapita. Ndachiyang'ananso chithunzicho, ndaganiza za mayi wokalamba ku Mulanje akuonetsedwa foni ndi mdzukulu wake. Ndachifufuta.

Mayi wa ku Mutare waimba kawiri. Kachitatu ndayankha, ndapepesa. Akuti khoma lake apatsa wina wojambula mathithi.

Lamulungu

Mvula yoyamba yagwa tili m'tchalitchi. Chionetsero palibe, malata palibe.

Titaweruka ndapita ku Mandeya ndi pulasitiki yakuda yokutira nthochi, ndakwera padenga, ndatsindira ndi miyala. Yathandiza mbali imodzi. Bedi la Gogo Esitere talikankhira kukona kouma. Iwo akungofunsa kuti chithunzi chawo cha galimoto chituluka liti.

Sekuru avalanso suti. Pali munthu wa kumpingo akupita ku Malawi mwezi uno, ndiye akufuna chithunzi chatsopano cha mlongo wawo. Ndawajambula m'nyumba, chamtundu, tayi yowongoka, nthenga chilili. Achiyang'anitsitsa, kenako aloza ndi chala kumbuyo kwa mpando, pamene pali beseni lolandira madontho.

"Ichi chichoke. Angafunse kuti n'chachiyani."

Ndalichotsa pachithunzi, ntchito ya mphindi ziwiri. M'nyumbamo likadali pomwepo, ndipo ndisanachoke ndalikhuthula kawiri.